Amayi awonda, opaleshoni ya chotupa yaimitsidwa kaye

Mwana wa ku Chibavi:
Abale, ndithandizeni. Amayi anga ali ndi chotupa pantchafu, madokotala akuti ndi khansa ya m'minofu yotchedwa sarcoma. Mu Januwale ankalemera makilo 62, pano ali pa 53, chitenje chikuchita kuzungulira kawiri. Dzulo adokotala ataona zotsatira za magazi anati albumin ili pa 29, ndiye opaleshoni idikire kaye mpaka thupi libwerere. Ine mtima uli pa chotupacho. Kudya amadya, kondowole wawo saphonya. Nanga zakudya zikulowapo bwanji?

Namwino wa ku Luwinga:
Pepani achemwali. Albumin ndi puloteni yopangidwa m'chiwindi, ndipo mwa munthu wathanzi imakhala pakati pa 35 ndi 50. Kafukufuku wa odwala sarcoma amasonyeza kuti amene albumin yawo yatsika, mabala a opaleshoni amachedwa kupola ndipo amatukusira msanga. Ambiri mwa iwo sakhalanso ndi moyo nthawi yaitali ngati anzawo a thupi lolimba. Nchifukwa chake adokotala sakufuna kuthamangira mpeni.

Koma musadziimbe mlandu. Khansa yeniyeniyo imadya minofu ndi kutsitsa albumin ngakhale munthu akudya. Kondowole amakhutitsa, inde, koma chinangwa puloteni yake ndi yochepa zedi. Pa makilo 53, amayi akufunika magalamu 55 mpaka 80 a puloteni patsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha. Funsani kuti akaonane ndi wa zakudya pachipatala pomwepo.

Bambo a ku Zolozolo:
Ine ndinadwazika achimwene anga, khansa yawo inali ya pakhungu la m'miyendo, yotchedwa Kaposi sarcoma. Atayamba mankhwala a drip nyama inkawanunkha, mbale yodzaza akangoiona basi mseru. Chinatithandiza ndi usipa wa ku Nkhata Bay. Tinkaukazinga pang'ono, kuusinja, nkuthira supuni ziwiri m'phala la soya lothira nsinjiro. Kakapu kakang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Osawakakamiza, amangokhumudwa. Tinkawayeza sikelo Lolemba lililonse nkulemba m'kope, adokotala ankaliwerenga ndithu.

Mwana wa ku Chibavi:
Zikomo nonse, usiku wathawu sindinagone. Kondowole sindingawalande, ndi wa kwawo ku Chintheche, koma ndiyamba kuwonjezera mazira ndi usipa wosinjawo mawa. A namwino, mkaka wa ufa ndingathirenso m'phalamo? Mkaka wamadzi umawatsegula m'mimba.