Kodi magule a samba ndi capoeira anachokeradi ku Africa?

Nabanda

Ndakhala ndikuonera makanema a magule a ku Brazil pa intaneti, makamaka samba ndi capoeira, ndipo kalizidwe ka ng'oma zake kakundiganizitsa kuti magule amenewa anawoloka nyanja ali athunthu. Komabe ena amati ndi magule a ku Brazil komweko amene anangotengako pang'ono za ku Africa. Kodi zoona zake ndi ziti, ndipo ngati mizu yake ilidi ku Africa, ili kudera liti?

Chatsalira

A Nabanda, tiyenera kuyambira pa mbiri ya ukapolo. Dziko la Brazil ndilo linalandira akapolo ochuluka kuposa dziko lina lililonse la ku America, anthu oposa 4 miliyoni, ndipo ukapolo kumeneko unatha mochedwa, pa 13 Meyi 1888. Ambiri mwa anthuwa anakwezedwa zombo ku Luanda, ku Benguela ndi m'magombe a Kongo, n'chifukwa chake mizu ya samba imafunidwa kwambiri ku Angola. M'gule wakale wa samba de roda wa kudera la Recôncavo ku Bahia, anthu amapanga bwalo n'kumawomba m'manja, ndipo wovina pakati akafuna kutuluka amasankha womulowa m'malo pomugunda ndi mchombo. Mchitidwe umenewu umatchedwa umbigada, ndipo akatswiri ambiri amati dzina lakuti samba linachokera ku mawu a Chikimbundu, chilankhulo cha ku Angola, akuti semba, onena za kugundana michomboko.

Koma samba ya ku Rio de Janeiro inakulira mumzindamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'nyumba za amayi ochokera ku Bahia monga Tia Ciata, ndipo kagitala kake kotchedwa cavaquinho n'kochokera ku Portugal. Ine ndimati gule ameneyu anabadwira ku Brazil, ngakhale kuti omubala ake anali Aafirika ndi zidzukulu zawo.

Mbewe

Ndikuvomereza zimenezo, koma kwa ine gule woonetsa bwino mizuyi ndi jongo, amene anakulira m'minda ya khofi ya m'chigwa cha mtsinje wa Paraíba. Amavinidwa usiku pafupi ndi moto umene amawambirapo ng'oma kuti zikopa zake zilimbe, ndipo ng'oma yaikulu imatchedwa tambu kapena caxambu, pomwe yaing'ono ndi candongueiro. M'nyimbo zake mumamveka mawu akuti angoma, amene wolankhula Chichewa sangavutike kuwazindikira.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi kaimbidwe kake. Woyambitsa amaponya nyimbo yaifupi yophiphiritsa, yonga ndagi, anthu onse n'kumavomera mobwerezabwereza mpaka wina atamasula tanthauzo lake, ndipo iyeyo amaika dzanja pa ng'oma n'kufuula kuti "machado" kapena "cachoeira" kuti ayambitse yake. Mwa njira imeneyi akapolo ankatha kudzudzula mwini munda kapena kupatsana uthenga kapitawo ali pomwepo osamva kanthu. Boma la Brazil linalemba jongo m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dzikolo mu 2005.

Nangozo

Pa nkhani ya capoeira, masewera ophatikiza gule ndi luso la ndewu, uta woimbira wotchedwa berimbau, wokhala ndi chingwe chimodzi ndi chikho, ndi wachibale wa hungu wa ku Angola, koma masewerawo monga tikuwaonera lero anaumbidwa ku Brazil. Lamulo la milandu la mu 1890 linawaletsa, ndipo anayamba kulemekezedwa m'zaka za m'ma 1930 pamene mphunzitsi wa capoeira, Mestre Bimba, anatsegula sukulu yake mumzinda wa Salvador ku Bahia. Bungwe la UNESCO linazindikira bwalo la capoeira kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014.

Ndiwonjezenso kuti si zonse zinachokera ku Angola. Ng'oma zitatu za m'chipembedzo cha candomblé ku Bahia, zotchedwa rum, rumpi ndi lé, pamodzi ndi belu la agogô, zikusonyeza dzanja la Ayoruba ndi Afon a ku Nigeria ndi Benin.

Nabanda

Zikomo nonse, makamaka a Mbewe chifukwa cha nkhani ya jongo. Nanga anthu ochokera kum'mawa kwa Africa anasiyako chiyani?

Chatsalira

Iwowa anafika ambiri m'zaka za m'ma 1800 kudzera ku Quelimane ndi ku Chilumba cha Mozambique. Dzina lawo likadalipo m'zikondwerero za congado ku Minas Gerais, chigawo cha ku Brazil, kumene magulu otchedwa Moçambique amavina atamanga zisekese zachitsulo zotchedwa gungas m'miyendo, ndipo iwowa ndi amene amapatsidwa ulemu woperekeza mfumu ndi mfumukazi ya Kongo pa mdipiti wolemekeza Maria wa Rosário. Komabe dzinalo palokha si umboni wakuti kavinidwe kawo konse kanachokera ku Mozambique, chifukwa m'mabungwe achikatolika a akapolo anthu a mitundu yosiyanasiyana anasakanikirana kwa zaka zambiri, ndipo mawu ambiri a Chibantu a m'nyimbo za magulu amenewa ndi ochokera ku Angola ndi ku Kongo.