Batire likumatha moto usiku: lafa kapena pali chimene chikulidya?

MayiWaSienta:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi Toyota Sienta, ndimakhala ku Machinjiri. Ndikaimika madzulo, m'mawa ndikapotokola kiyi imangoti tcha tcha tcha, magetsi a pa dashibodi n'kuzilala. Aneba akandijampitsa imalira, ndipo tsiku lonse ku Limbe sivutanso. Batire ndinagula chaka chatha chomwechi. Ena akuti ndigule lina, koma ndalama yake si yamasewera, komanso ana akumachedwa kusukulu. Mwezi watha ndinaikitsa wailesi ya sikirini, kaya n'zogwirizana?

Wamagetsi_Ndirande:
Mayi, musagule kaye. Lero mukafika kunyumba tengani sipanala ya 10 mumasule teminolo ya negetivu, igone yosalumikiza. M'mawa bwezerani. Ikalira mwamphamvu, batire lilibe mlandu, pali chimene chikuyamwa moto galimoto ili chozima. Ikakana, batire likutaya moto palokha, kapena silinadzadze n'komwe.

Wailesiyo ndiye ndikuikayikira kwambiri. Ili ndi mawaya awiri a moto: wachikasu umakhala ndi moto nthawi zonse, wofiira umalandira moto kiyi akatsegulidwa. Oika ena amangowamanga pamodzi, ndiye sikirini imaoneka yozima koma mkati ikugwirabe ntchito usiku wonse. Zimandipweteka kuona anthu akusintha mabatire abwinobwino chifukwa cha waya umodzi.

Kuti mutsimikize, wamagetsi aike multimeter, mita yoyezera magetsi, pa 10A pakati pa teminolo ya negetivu ndi waya wake, zitseko zili zotseka, adikire mphindi 20 kapena 30 kuti makompyuta a galimoto agone. Nambala ya pa mita isapitirire 50mA. Ikapitirira, azule mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala itsike, pamenepo ndi pamene pali vuto. Musalize injini mita ili pomwepo, ipsa.

Achimwene_Bangwe:
Zoona, koma batirelo liyezedwenso. Lodzadza limawerenga 12.6V injini itazima, 12.2V ndiye lili pa theka. Poliza lisatsike kupyola 9.6V. Injini ikulira pazioneka pakati pa 13.8V ndi 14.5V, kupanda apo alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, sikutchaja. Pa galimoto yanga vuto linali diode ya alternator, kachipangizo koletsa moto kubwerera, masana ikutchaja ndithu, usiku ikubweza moto, mafyuzi onse tinazula osapeza kanthu. Chiperoni chikabwera mu June ndi July batire lofooka silibisala.

MayiWaSienta:
Zikomo abambo nonse. Ndinamasula dzulo, m'mawa uno yalira kamodzi n'kamodzi. Ndiye ndizingomasula usiku uliwonse?

Wamagetsi_Ndirande:
Kwa masiku ochepa inde, koma teminolo imakhwepa mukamaimasula pafupipafupi. Bwererani kwa amene anakuikirani wailesi alekanitse mawaya aja, mita muione ndi maso anu. Batirelo mukalitchajitse pa tchaja usiku wonse, chifukwa batire la galimoto likamaphwa kangapo limafooka, ndipo ulendo wa Machinjiri kukafika ku Limbe ndi waufupi kuti lidzadze.