Funso pa gulu: Tikadye kuti ndipo tikagule bwanji m'misika yakale ya ku Durban?

Akuluakulu ndi abale nonse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumakhala ku Durban kapena munayendamo mokwanira m'misika yake. Mwezi wamawa ndikupita kumeneko kwa masiku atatu pamodzi ndi mkazi wanga ndi apongozi anga aamuna, omwe ali ndi zaka 71. Chimene apongoziwo akufunitsitsa si nyanja kapena masitolo akuluakulu ayi, koma kulawa chakudya chophikidwa m'mbali mwa misewu ndi kuyenda m'misika imene eni mzindawo amagulamo tsiku ndi tsiku. Iwo anagwira ntchito yophika kwa zaka zambiri, motero mphika wa munthu wina amauyang'ana ndi diso la mmisiri, ndipo sindikufuna kukawagwiritsa mwala.

Ine ndinafikako kamodzi kokha, kwa tsiku limodzi, ndipo ndinangolowa mu Victoria Street Market, mumsewu wa Bertha Mkhize. Sindidzaiwala milu ya masala imene inali m'mabeseni, ina yofiira kwambiri, ina yachikasu, mulu uliwonse uli ndi kachikwangwani ka dzina lake, kwinaku fungo la lubani likusakanikirana ndi la tsabola mpaka munthu kuyetsemula. Koma ndinapupuluma. Ndinagula theka la kilogalamu la masala omwe anali atamangidwa kale m'pepala la pulasitiki, osanunkhiza, osalawa, ndipo titakaphikira kunyumba tinapeza kuti munangochuluka mchere ndi tsabola, fungo lokoma lija munalibe. Kodi masala abwino amadziwika bwanji munthu asanapereke ndalama, nanga kunenerera mtengo n'kololedwa pa zinthu zoyeza pa sikelo?

Chachiwiri ndicho chikundivutitsa kwambiri. Apongozi anga ndi Asilamu ndipo sadya nyama imene sakudziwa kazingidwe kake, komanso m'mimba mwawo simuchedwa kusokonezeka. Akhala akunena za bunny chow kuyambira tsiku limene tinagwirizana za ulendowu. Ndimvanso kuti ku Warwick Junction kuli msika wophika mitu ya ng'ombe ndi msika wa mankhwala azitsamba, ndipo onsewa akufuna kukawaona. Kodi n'kwanzeru kupita kumeneko ndi munthu wachikulire amene amayenda pang'onopang'ono? Tipite nthawi yanji, ndipo n'chiyani chimene tisachite kuti tisakakhumudwitse eni malo?

Yankho loyamba

Bambo, ine ndakhala mumzinda umenewu zaka zoposa khumi, ndipo ndiyambe ndi za masala chifukwa ndimagula mwezi ndi mwezi. Musagulenso zomanga kale. Pemphani wogulitsa akutapireni pang'ono pachikhatho, mufikise ndi chala, munuse. Masala abwino amatulutsa fungo la zinthu zingapo motsatizana, monga jira, dhania, jinja ndi adyo, ndipo ukali wa tsabola umabwera pambuyo. Amene amangokutsamwitsani mukangoyandikiza mphuno ndi oti muwasiye. Ambiri mwa ogulitsa amasakaniza pomwepo inu mukuona ngati mwawauza chimene mukufuna kuphika, kaya ndi nsomba, nkhuku kapena nyemba, komanso ukali umene mungathe kupirira. Mudzaona ena olembedwa kuti mother-in-law: amenewo ndi aukali kwambiri, ndipo sindingawalimbikitse kwa munthu wa m'mimba movuta. Za mtengo, pa mikanda, nsalu ndi ziboliboli nenererani ndithu, koma pa zoyeza pa sikelo mtengo sutsika kwenikweni. Chimene mungapemphe mukagula zambiri ndi kakuwonjezera pamwamba. Tengani marandi ang'onoang'ono, chifukwa ogulitsa ambiri a panja salandira khadi.

Bunny chow ndi buledi woyera wogoba m'kati, wothiramo curry wotentha, ndipo chidutswa chimene anagobacho amachiika pamwamba kuti muzisunsira. Pambali pamakhala kaloti wopala wosakaniza ndi anyezi ndi tsabola. Amagulitsa kota, theka kapena buledi wathunthu, ndipo poitanitsa anthu amangoti "quarter mutton" kapena "quarter beans". Kwa apongozi anuwo kota ndi wokwanira, ndipo adye ndi manja, kuyambira m'mphepete kutsikira pansi pamene msuzi walowerera. Mupite pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko masana, pamalo pamene pali mzere wa anthu ogwira ntchito m'tauni, chifukwa pamenepo mphika sukhalitsa.

Yankho lachiwiri

Achimwene, pa nkhani ya halaal mtima ukhale m'malo. Kuzungulira Juma Masjid, mzikiti waukulu wa mumsewu wa Dr Yusuf Dadoo, umene akale amautchabe Grey Street, kuli malo ambiri odyera a Asilamu, ndipo ochuluka amapachika chikalata chotsimikizira pakhoma, monga cha bungwe la SANHA. Mukapanda kuchiona funsani mwaulemu, palibe amene amadabwa ndi funso limenelo. Njira ina yosavuta ndiyo kudya kwa Ahindu ophika zamasamba zokhazokha, kumene bunny chow wa nyemba amakoma kuposa mmene ambiri amaganizira. Dziwaninso kuti Lachisanu masana masitolo ambiri a Asilamu amatseka kwa kanthawi chifukwa cha mapemphero, choncho mukonze kuti apongozi akapemphere kumeneko, kenako mudye akatuluka.

Ngati apongozi anu ali munthu wokonda kudziwa gwero la zinthu, muwafotokozere kuti chakudyachi chili ndi mbiri yowawa. Amwenye oyamba obwera pa dongosolo la mgwirizano wa ntchito anafika ku Durban mu November 1860 pa sitima ya Truro kuchokera ku Madras, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal, ndipo pofika 1911, pamene dongosololi linatha, anali atabwera oposa 150,000. Ambiri atamaliza zaka zawo za mgwirizano anayamba kulima ndiwo zamasamba ndi kugulitsa, ndipo misika ya m'dera limeneli inakula kuchokera pamenepo. Msika wakale wa Victoria Street unayamba mu 1910 ndipo unapsa ndi moto mu 1973; nyumba imene munalowamo inamangidwa pambuyo pake. Lamulo la tsankho la Group Areas Act la mu 1950 linasamutsira mabanja ambiri a Amwenye ku madera a Chatsworth ndi Phoenix, kunja kwa tauni, ndipo n'chifukwa chake ena amati curry wokoma kwambiri amapezeka kumeneko osati m'tauni. Mukatuluka mumzikiti mudutse mu Madressa Arcade, kanjira kopapatiza kodzaza ndi timasitolo, ndipo mudzatulukira pafupi ndi tchalitchi cha Katolika cha Emmanuel Cathedral. Ndi mtunda waufupi woti munthu wamkulu angayende bwinobwino.

Yankho lachitatu

Ine ndikusiyana pang'ono ndi anzanga amene akungotchula za Amwenye, chifukwa mtima wa malonda a mumzindawu uli ku Warwick Junction, kumene sitima, mabasi ndi maminibasi amakumana, ndipo ogulitsa ambiri ndi amayi achizulu. Early Morning Market ndi msika wa zipatso ndi ndiwo zamasamba umene mu 2009 unatsala pang'ono kugwetsedwa kuti pamangidwe sitolo zamakono, koma ogulitsa anakana mpaka ganizolo linasiyidwa. Ku msika wa mitu ya ng'ombe amawiritsa mituyo m'mapoto akuluakulu, n'kuduladula nyamayo pathabwa pamodzi ndi buledi wophika ndi nthunzi amene amati ujeqe, mchere ndi tsabola zili pambali. Apongozi anu akaone kaphikidwe kake, koma asadye, pakuti simungatsimikize za kazingidwe. Chimanga chowiritsa chotentha angadye popanda nkhawa.

Musapite nokha tsiku loyamba. Pali oyendetsa alendo a Markets of Warwick, omwe ambiri ndi ogulitsa a m'misika yomweyo, ndipo amadziwa podutsa popanda makwerero ambiri. Mupite m'mawa, foni ikhale m'thumba la kutsogolo, ndipo mubwerere dzuwa likanalipo. Ku msika wa mankhwala, kumene mizu, makungwa ndi zikopa zimayalidwa pamlatho, musajambule munthu kapena katundu wake musanapemphe, ndipo musagwire kanthu musanafunse, popeza ambiri obwera kumeneko ali ndi matenda kapena mavuto a m'banja. Moni wa "Sawubona" ndi kuthokoza koti "Ngiyabonga" zimatsegula pakamwa pa ogulitsa ambiri.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri inu nonse akuluakulu. Ndawawerengera apongozi mayankho onse pa foni, ndipo atamva za kufikisa masala pachikhatho anati ndi mmene iwo ankachitira nthawi yonse ya ntchito yawo. Tagwirizana kuti Lachinayi m'mawa tipite ku Warwick ndi woyendetsa alendo, Lachisanu tikhale ku mzikiti ndi ku Victoria Street, ndipo Loweruka lisungidwire Chatsworth ngati miyendo yawo ingalole. Chatsala n'chimodzi: kwa amene munapitako ku Bangladesh Market ya ku Chatsworth, kodi kuchokera m'tauni n'kwabwino kukwera minibasi ndi munthu wamkulu chotere, kapena tibwereke galimoto ya tsiku lonse?