Kodi Rabbi Nachman ankatanthauza chiyani ndi mlatho wopapatiza?

Wofunsa: Ndamva kuti Rabbi Nachman, mphunzitsi wachiyuda wa ku tawuni ya Breslov, ankaphunzitsa kuti pa moyo uno munthu amayenda pa mlatho wopapatiza kwambiri, ndipo chachikulu ndi kusaopa. Nanga angaleke bwanji kuopa pamene pansi pake pali phompho?

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, mawu ake a Chihebri amaletsa munthu kudziopseza yekha, osati kumva mantha. Iye anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1810 ali ndi zaka 38, ataika kale m'manda mkazi wake ndi ana angapo, choncho ndikukhulupirira kuti sankalankhula ngati munthu amene sanalawepo chisoni.

Mayi wa ana atatu: Chimene chimandikhudza mtima ndi hitbodedut, chizolowezi chopatula nthawi tsiku lililonse, makamaka kutchire, n'kulankhula ndi Mulungu m'chilankhulo chobadwa nacho, monga mwana alankhulira ndi bambo wake. Rabbi Nachman ankaphunzitsa chizolowezichi, ndipo ankati ngakhale mawu atasowa, kubwereza liwu limodzi kumakwanira.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake anthu zikwizikwi amapitabe kumanda ake ku Uman, m'dziko la Ukraine, pa chikondwerero cha Rosh Hashanah, chiyambi cha chaka chatsopano cha Ayuda.