Filimu ya Apollo 18 yautsa mkangano, thandizeni

Abale anga, ndimaonetsa mafilimu kufupi ndi msika wa pa boma ku Mangochi kuno. Ndinaika Apollo 18, ya 2011 ija, ya amuna atatu otumidwa kumwezi mwachinsinsi, miyala n'kumasanduka tizilombo tonga nkhanu tolowa m'thupi. Zithunzi zake n'zosaoneka bwino, zogwedera ngati zakalekale, ndiye asodzi ena atemetsa nkhwangwa pamwala kuti n'zenizeni, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga la NASA linangobisa. Ndawauza kuti anthu anaponda pamwezi komaliza mu Disembala 1972 pa ulendo wa Apollo 17, ndipo wa 18 anauthetsa mu 1970 usanachitike, koma sakumva. Ndiwafotokozere bwanji kuti akhutire?

Komanso akufuna ina yoopsa ya zinsinsi zakumwezi. Mukudziwapo iti, makamaka yothiriridwa mawu m'Chichewa?