Kasitima ka Titanic kaja tinakamaliza

Mwezi watha ndinafunsa ngati mwana wa zaka 6 angathe kuthandiza kulumikiza kasitima kapulasitiki ka Titanic kamene malume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo ambiri munandilangiza kuti mpeni ndi guluu zikhale m'manja mwanga. Ndinatsatira malangizowo. Guluu wake amasungunula pulasitiki kuti zidutswa zigwirane, ndiponso fungo lake ndi lamphamvu, choncho tinkagwirira ntchito pakhonde, ine ndikudula, iye akupala m'mbali mwa zidutswazo ndi sandipepa.

Chimene chinativuta ndi chiperoni cha kuno ku Mulanje, chifukwa penti imene timayembekeza kuti iuma madzulo omwewo inkakhalabe yomata m'mawa mwake, mpaka chala cha mwanayo chinadinda pa chumuni chimodzi mwa zinayi zija. Sindinafufute, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino.

Sitima yeniyeniyo, imene inamira mu 1912, inali yotalika mamita 269, koma yathuyi, pokhala yochepetsedwa ka 700, ndi masentimita pafupifupi 38. Mwanayo akuumirira kuitchula kuti Ilala, ndipo dzulo anandifunsa kuti: "Bambo, tikaiyika liti mu mtsinje wa Likhubula?" Ndamuuza kuti ikhala pamwamba pa kabati.