Chatelaine: ndi munthu kapena ndi chinthu?

Naphiri wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mabuku ena akuti chatelaine ndi mayi, ena akuti ndi unyolo wokoloweka makiyi. Zoona n'ziti, ndipo mawuwa anachokera kuti?

Aphunzitsi, Moatize:
Zonse ziwiri n'zoona, mayi, koma munthu ndiye anayamba. Mawuwa ndi a Chifalansa, châtelaine, ndipo amatchulidwa ngati "shatelen". Muzu wake ndi Chilatini castellum, kutanthauza linga. Woyang'anira lingalo ankatchedwa castellanus, Afalansa n'kumutcha châtelain, ndipo mkazi wake kapena mayi mwini linga anali châtelaine. Ife odziwa Chipwitikizi sitingavutike: castelo, castelão ndi castelã n'zam'banja limodzi. Kadenga kali pamwamba pa â kakusonyeza s amene anagwa, chifukwa kale ankalemba chastelain. Apwitikizi anamusunga s uja.

Telala wa pa Zobwe:
Aphunzitsi alongosola bwino, ine ndionjezere za chinthucho. Mayi woyang'anira nyumba yaikulu ankasunga makiyi a mosungira zakudya, mabokosi ndi makabati, ndiye m'zaka za m'ma 1800 dzina lake linasamukira pa chomwe ankanyamulira makiyiwo. Pamwamba pamakhala kambale kachitsulo kapena kasiliva kokhala ndi mbedza kuseri, yokola pa lamba m'chiuno. Pansi pake pamalendewera timaunyolo, kalikonse ndi kokowera kake: kena sizasi, kena kachibotolo ka masingano, kena chovala kuchala posoka, wotchi, pensulo ndi kabuku.

Amene akufuna kudzipangira asamale. Sizasi ikhale m'chimake, apo ayi ibaya ntchafu mukamakhala pansi. Timaunyolo tisiyane kutalika kuti tisapiringizane. Mbedza ikhale yotakata, chifukwa yopyapyala imang'amba nsalu katundu akalemera. Pa chitenje chongomanga popanda lamba sichigwira n'komwe. Chachitsulo wamba chimachita dzimbiri ndi thukuta, makamaka ndi kutentha kwa kuno kuchigwa cha Zambezi.

Nabanda, Furancungo:
Musaiwale chifukwa chake zinatchuka: madiresi ambiri a nthawi imeneyo analibe matumba okwanira, komanso makiyi oonekera m'chiuno ankauza antchito kuti wolamula pakhomo ndani. Zikwama za m'manja ndi mawotchi apamkono zitafala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zinayamba kuzimiririka. Dzinalo lidakalipo ku Canada, pa magazini ya amayi yotchedwa Chatelaine imene inayamba mu 1928.